Lente Yoonera Patali

"Iyi yafa basi, a Enjenyeru," anatero a Amade, akupotoza lente yakale ija ndi manja onse awiri. Inangolira ngati chitseko cha dzimbiri, osasuntha. "Fumbi la malasha ladzaza m'katimu. Mukaitsegula mutha kuphikira tiyi."

Lúcio sanaseke. Anali ataima pakhomo pa kashopu ka a Amade mumsika wa Moatize, kamera ikulendewera pachifuwa yopanda galasi lake lakutsogolo. A Amade ntchito yawo inali kukonza mafoni ndi mawotchi, koma madalaivala ochokera ku Joni ankawasiyira katundu wakale wamitundumitundu. Ojambula onse a m'tauniyo ankadziwa kuti lente ikavuta, koyambira ndi kwa mkulu ameneyu.

Dzina loti Enjenyeru linali longomuseka. Lúcio anaphunzira zaka ziwiri ku sukulu yaukachenjede ya instituto ku Tete, za kayezedwe ka malo a migodi, kenako anasiya. Anasiya mwezi womwe mkulu wake Ilídio anagundidwa ndi galimoto ya malasha akuchokera ku Zóbuè pa njinga yamoto. Kamerayi inali ya Ilídio. Anthu amene ankaitana Lúcio kukajambula maukwati ndi maubatizo analinso a Ilídio, ndipo ena mpaka pano ankalakwitsa dzina pomuitana.

"Ndili nazo ziwiri," anatero a Amade. Anatulutsa m'kabati malente awiri, iliyonse ili m'sokosi yakale. "Iyi yaifupi, yonenepa ngati ine. Imayambira 18 kukafika 140. Ukaipotoza kuno, banja lonse la mkwati lilowa, ndi agalu omwe. Ukaipotoza uko, ukoka mphete pachala iwe uli kumbuyo kwa tchalitchi. Munthu woyenda pa minibasi za chapa ngati iwe safuna chikwama chodzaza magalasi. Imodzi yomweyi: ukwati, ubatizo, maliro, zatha."

"Nanga inayo?"

"Inayo si yako."

"Ndiione kaye, tio," anatero Lúcio, powatchula malume m'Chipwitikizi.

A Amade anavula sokosi monyinyirika. Inali yaitali ngati chinangwa, yakuda, yolembedwa 70 mpaka 300. Lúcio anaimanga pa kamera, n'kuloza kutsidya kwa msika. Kumapeto kwenikweni, kufupi ndi njanji, mayi wina ankagulitsa nsomba zouma. Ndi maso ankaoneka ngati kadontho. Atapotoza lente ija, mayiyo anabwera pafupi mpaka Lúcio anaona ntchentche pa nsombazo, thukuta m'khosi mwake, ndi milomo yake ikuyenda, akudziimbira kanyimbo. Mayiyo sanadziwe kanthu. Anapitiriza kuimba.

"Imeneyo imalemera," anatero a Amade. "Dzanja likangonjenjemera pang'ono, chithunzi chasanduka phala. M'nyumba muli kamdima siona. Ndipo sabata yamawa uli ndi ukwati kwa Dona Zulmira, m'kachipinda kawo kaja. Kuti onse akwane m'chithunzi uyenera kugumula khoma n'kukaima pa mlatho ku Tete."

"Nditenga imeneyi."

"Ukufuna kujambula mkango? Kuno mikango inathawa kalekale, inatopa ndi mabomba a kumgodi." A Amade anatsinzina diso limodzi. "Kapena ndi mkazi wa mwini? Ngati ndi zimenezo undiuze, ndikugulitsenso nsapato zothamangira."

"Ndi ya ntchito."

"Ntchito! Mkulu wako sanafunepo chinthu ngati ichi. Iye lente yake inali miyendo. Ankalowa pakati pa anthu, kuwaseketsa apongozi, kunyamula mwana wa eni ake, chithunzi n'kujambula anthu akuseka kale. Iwe umaima pakona ngati wabwera kudzadula magetsi, ndiye ukufunanso..."

Anasiya pomwepo ataona nkhope ya mnyamatayo. Lúcio anatsegula chikwama, n'kutulutsa kompyuta yake yaing'ono, n'kuiika pa tebulo pakati pa mafoni ophwasulidwa.

"Tisinthane."

"Iyi si ya kusukulu?"

"Sukulu yake iti?"

A Amade anayang'ana kompyutayo nthawi yaitali. Kenako anaikokera kwa iwo pang'onopang'ono.

"Ikakukana usadzati sindinanene," anatero.

Chimene Lúcio sanawauze n'chakuti ku Zóbuè kunali mwana wa Ilídio, dzina lake Fatinha, ndipo panali patatha zaka ziwiri asanamuone.

Ilídio anafa akuchokera kokajambula ukwati wa mchimwene wa mkazi wake Belinha. Ulendowo anapita chifukwa Belinha anamupempha. Amayi ake a Lúcio, Dona Ludovina, anagwira mfundo imeneyi tsiku la maliro ndipo sanaisiyenso. "Wam'tuma ku imfa," ankatero. Tsiku losudzula Belinha, amalume anatulutsa katundu yense panja n'kuyamba kugawa: bedi, wailesi, mipando, mbale zomwe. Belinha anatsala ndi chidebe cha zovala ndi mwana wa zaka zinayi. Amalume aakulu ananyamula kamera n'kuikoloweka m'khosi mwa Lúcio. Belinha anamuyang'ana. Onse ankadziwa kuti Lúcio ndiye wophunzira pabanjapo, ndipo akanalankhula, mwina wina akanamva. Iye anayang'ana pansi. Anamva kulemera kwa kamera ija, ndipo anaikonda, chifukwa lamba wake ankanunkhirabe thukuta la mkulu wake.

Chichokereni tsiku limenelo, dzina la Belinha silinatchulidwenso m'nyumbamo. La Fatinha linapita nalo limodzi.

Tsiku loyamba la mwezi wa Juni, tsiku la ana, sukulu zonse zimachita phwando. Mayi wina wogulitsa tomato wochokera ku Zóbuè anali atamuuza Lúcio sukulu imene Fatinha anayamba. M'mawa wa tsikulo Lúcio anapeza amayi ake akusesa pakhomo. Nyumba yawo inali imodzi mwa zimene kampani ya malasha inamangira anthu itawasamutsa kumudzi kwawo, zofanana zonse, zili pamzere, khoma lililonse ndi mng'alu wake.

"Lero kuti?"

"Ku Tete, amayi. Kuli ntchito."

"Ubwereko ndi mchere."

Chapa inadzaza mochedwa. Anakhala kumbuyo, chikwama atachikumbatira, mawondo atagunda mpando wakutsogolo. Anadutsa milu ya dothi lakuda la kumgodi, kenako tchire louma, matumba a makala ali m'mbali mwa msewu. Pa malo ena, msewu utangokhota, panali mtengo wa msawu. Lúcio ankawadziwa malowo: ndi pamene Ilídio anagundidwa. Anatseka maso mpaka anamva galimoto ikusintha giya poyamba chitunda. Apaulendo anzake ankakangana za mpira. Palibe anamufunsa kanthu.

Ku Zóbuè kunali chisanu. Nkhungu inali isanachoke pamwamba pa phiri, ndipo iye anali atavala malaya a kotentha ku Moatize. Magalimoto akuluakulu anali atandanda m'mbali mwa msewu kudikira kuoloka malire a Malawi. Amayi ankagulitsa mbatatesi, kabichi ndi nyemba m'zidebe. Sukulu sinavute kupeza. Ng'oma zinkamveka kuchokera pa siteji.

Pabwalo la sukuluyo panali podzaza. Ana anali atavala zovala zawo za pa Khirisimasi, ena nsapato zazikulu zobwereka. Pansi pa mtengo amayi ankapakula mpunga m'mapoto aakulu. Chipata chinali chotsegula. Aliyense ankalowa, ngakhale oledzera. Wojambula wina, mnyamata wa kapu yofiira, ankazungulira pakati pa ana ndi kakamera kake, akuwauza kuti aseke.

Lúcio anafika pachipata, n'kuchidutsa. Anaoloka msewu. Kutsidyako kunali galimoto yaikulu yofundidwa lona, dalaivala wake kulibe. Analowa pakati pa galimotoyo ndi ngalande, n'kugwada pafupi ndi matayala akumbuyo. Kudzera pampata wa pakati pa mutu wa galimoto ndi ngolo yake, bwalo lonse linkaoneka.

Anatulutsa kamera. Anapotoza lente mpaka pamapeto pake, n'kuyamba kuyenda nayo pa nkhope za ana, mmodzimmodzi. Ankaopa kuti samuzindikira. Mwana wa zaka zinayi ndi wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi anthu awiri osiyana.

Anamudziwa nthawi yomweyo. Anali pamzere wachiwiri wa ana ovina, atavala diresi yachikasu ndi juzi yaikulu yopinda manja. Mphunzitsi ankawalangiza kanthu, ndipo Fatinha ankamvetsera atapendeketsa mutu, diso limodzi atalichepetsa, ngati munthu amene sakukhulupirira zimene akuuzidwa koma akufuna amve kaye mapeto ake. Ilídio ankamvetsera choncho. Ankamvetsera choncho pamene Lúcio ankamufotokozera za masamu a ku instituto, kenako n'kunena kuti, "Chabwino, dotolo, koma wadya?"

Chithunzi choyamba chinatuluka phala. Chachiwiri chimodzimodzi. Anatsamiritsa lente pa chitsulo cha galimoto, n'kugwira mpweya. Chachitatu chinagwira. Anaona kuti mano awiri akutsogolo anali atachoka. Anaona kachipsera pa chigongono, ka tsiku limene iye kunalibe. Ng'oma zitayamba, mwanayo anavina molakwitsa, ena akupita kumanja iye kumanzere, ndipo anadziseka yekha.

"Mkulu wanga, taona mwana wako," ananong'ona Lúcio. "Kuvina sadziwa, ngati iwe."

Anajambula, n'kujambulanso. Anaiwala chisanu, anaiwala fungo la mkodzo m'ngalande muja. Sanamve ngakhale mapazi kumbuyo kwake.

Lamba wa kamera anamukoka pakhosi mwamphamvu mpaka anagwa chagada.

"Ndam'gwira! Bwerani kuno, ndam'gwira!"

Anali mayi wamkulu thupi, wa chitenje chomanga pamwamba pa jekete, manja ali dothi la mbatatesi. Ena ankamuitana kuti Dona Deolinda. Lamba anali atamukulunga kudzanja ngati chingwe cha mbuzi.

"Chiyambire m'mawa ndikumuona. Ndimati akudzithandiza, koma munthu amadzithandiza ola lathunthu? Ndiye ndione, chimfuti ichi walozetsa kwa ana!"

"Si mfuti, mayi. Ndi kamera."

"Kamera ndimaidziwa ine! Uyo ali apoyo ali ndi kamera, ndipo ali pakati pa anthu. Iwe wabisaliranji?"

Anthu anasonkhana msanga, monga amachitira pa malire. Amayi ogulitsa, anyamata osintha ndalama, madalaivala, onyamula katundu pa njinga. Wina anamugwira kolala. Wina anamupisa m'matumba.

"Ndi aja oba ana. Amayamba ajambula, n'kutumiza kwa mabwana awo kuti asankhe."

"Chaka chatha ku mudzi wa kumtunda kunasowa mwana. Mpaka lero."

"Taonani nsapato zake, si wa kuno ameneyu."

"Opopa magazi amayenda ndi zida zoterezi!"

Bambo wina wa jekete yotuwa, choko chili pathumba la malaya, anakankha anthu n'kulowa pakati. Anali mphunzitsi wa pasukulupo, a Damião.

"Dikirani, dikirani. Munthu samenyedwa asanafunsidwe. Achimwene, tioneni zimene mwajambula. Ngati ndinu wa nyuzipepala, zioneka."

Lúcio anayatsa kamera. A Damião anayamba kudina batani, mitu ya anthu itawunjikana pa mapewa awo. Chithunzi choyamba, mwana wa diresi yachikasu. Chachiwiri, yemweyo. Chachisanu, chakhumi, yemweyo. Akuseka, akukanda mwendo, akuyang'ana kumwamba. Mbendera kunalibe, ng'oma kunalibe, ana ena ankangooneka ngati mitambo kumbuyo kwake. Nkhope ya a Damião inasintha.

"Mmodzi yekha," anatero motsitsa.

"Wasankha kale!" anakuwa Dona Deolinda. "Mwamva? Wasankha kale!"

Chibakera chinamupeza kukhutu. Dziko linalira ngati belu. Anaona mnyamata wina akutola mwala m'ngalande.

"Ndi mwana wa mkulu wanga!" anakuwa Lúcio. "Dzina lake Fatinha. Ndi mwana wa malemu mkulu wanga!"

Ena anaseka.

"Mwana wa mkulu wako, iwe n'kumamusuzumira kunsi kwa matayala? Kwanu mumacheza choncho?"

"Dzina angalimve paliponse ameneyu."

A Damião anakweza dzanja. Anatuma mayi wina kuti akatenge mwanayo. Posakhalitsa anthu anapatuka, ndipo Fatinha anaima patsogolo pake, mpunga uli pachibwano. Tsopano anali pafupi, woti akanatambasula dzanja akanamukhudza. Anali wamng'ono kuposa mmene ankaonekera mu lente.

"Fatinha, mwana wanga, usaope," anatero a Damião. "Bambo awa ukuwadziwa?"

Mwanayo anayang'ana munthu wokhala m'dothiyo, khutu likutuluka magazi, malaya atang'ambika. Lúcio anayesa kumwetulira. Fatinha anapukusa mutu, n'kubwerera m'mbuyo.

Sanalakwe. Pamene iye anali wamng'ono, Lúcio anali ku Tete ndi mabuku ake, kubwera kunyumba pa tchuthi pokha.

Phokoso linakwera. Dzanja lina linamugwira mwendo n'kuyamba kumukokera kumsewu. Kenako anamva mawu a mayi akuitana dzina la mwanayo, mawu amene anawadziwa.

Belinha anatulukira ali ndi chipande m'manja. Anali ataonda, tsitsi atameta lalifupi. Anakoka mwana wake n'kumuika kumbuyo kwake, kenako n'kuyang'ana pansi. Sanayambe ndi nkhope ya Lúcio. Anayamba ndi kamera. Pa lamba wake panali chigamba cha chitenje chobiriwira chimene iye mwini anasoka.

"Dona Belinha," anatero a Damião, "munthuyu akuti ndi m'bale wa malemu amuna anu. Mwanayu akuti sakumudziwa. Inu mukumudziwa?"

Belinha sanayankhe. Anthu anadikira. Mnyamata wa mwala uja anausintha dzanja. Kubwalo ng'oma zinali zitasiya, ndipo kunkamveka injini ya galimoto ina ikulira kumalire. Lúcio anayang'ana mlamu wakeyo, ndipo Belinha anamuyang'ananso osaphethira, milomo atatseka. Lúcio anamvetsa. Umu ndi mmene zimakhalira ukaima pakati pa anthu, pali munthu mmodzi yekha woti akulankhulire, munthuyo n'kukhala duu. Anaweramitsa mutu. Sanapemphe.

"Musiyeni," anatero Belinha pomaliza. "Ndi bambo ake aang'ono."

"Zoona?" anafunsa Dona Deolinda, lamba akadali kudzanja.

"Zoona. Ndi wopusa chabe. Si wakuba ana."

Anthu anayamba kumwazikana, ena okhumudwa. Mwala unagwera m'ngalande. Dona Deolinda anamasula lamba, n'kumupukuta Lúcio dothi paphewa mwamphamvu ngati akumumenyabe.

"Nanunso achimwene, pakamwa munapatsidwiranji? Mukanafa lero chifukwa cha manyazi. Mugule mbatatesi popita, mwandithawitsira anthu."

Belinha anamutengera kuseri kwa kalasi ina, kumene kunali mpopi. Ananyowetsa nsonga ya chitenje chake n'kumupatsa kuti adzipukute yekha. Fatinha anali atagwira siketi ya amayi ake ndi manja awiri, diso limodzi lokha likuonekera.

"Zikomo, alamu," anatero Lúcio.

"Usandithokoze. Ndinaganiza kaye."

"Ndinaona."

"Chimenechi n'chiyani?" Analoza lente ndi chipande. "Ilídio analibe chinthu chonyansa chotere."

"Ndagula dzana. Imaona patali."

"Patali." Belinha anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Zaka ziwiri, Lúcio. Chapa zimabwera kuno tsiku lililonse. Nyumba ya amayi anga ukuidziwa, unadyamo nkhuku tsiku la ukwati wanga. Ndiye iwe wakagula chitsulo choti uzimuona mwana iye osakuona?"

"Ndinalibe nkhope yobwera nayo."

"Nkhope ndi yomweyo. Tsiku lija unali nayonso."

"Tsiku lija ndinalibe mawu."

"Unali nawo. Unawasunga." Anamulanda chitenje chija n'kuchifinya. "Bedi sindilira nalo. Kameranso tenga, ine kujambula sindidziwa. Koma mwanayu amandifunsa kuti, kodi kwa atate anga kulibe anthu? Ndimamuuza kuti alipo, koma kwawo n'kutali. Ndimanama chifukwa cha inu."

Lúcio anagwada kuti afanane msinkhu ndi mwanayo. Kamera anaikankhira kumsana.

"Fatinha."

"Awa ndi bambo ako aang'ono," anatero Belinha. "Mng'ono wawo wa atate ako. Apatse moni."

Mwanayo anakweza maso kwa amayi ake.

"Ndi amene amafuna kundiba aja?"

"Ayi. Anthu analakwitsa."

Fatinha anamuyang'ananso, atapendeketsa mutu. Lúcio anatambasula dzanja. Mwanayo analowa kuseri kwa siketi, n'kubisa nkhope yonse. Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi, kenako analibweza.

"Usamukakamize," anatero Belinha. "Waona anthu akukukoka mwendo. Aiwala, koma osati lero." Anamuuza mwanayo kuti abwerere kwa anzake, ndipo Fatinha anathamanga osacheuka. "Tamvera. Ukafuna kumuona, ubwere pakhomo masana, unene odi ngati munthu. Sindikuthamangitsa. Koma amayi ako adziwe kumene wapita."

"Mukuwadziwa amayi."

"Ndikuwadziwa. N'chifukwa chake ndikunena. Lero wawauza kuti uli kuti?"

Lúcio anayang'ana pansi.

"Ndinadziwa. Mwana wanga si wapatchire woti azionedwa mobisa. Anabadwira m'nyumba mwanu, mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yanu. Ngati sungathe kutchula dzina lake pamaso pa agogo ake, khala konko ndi zithunzi zakozo. Zikukwanira."

Anatembenuka n'kubwerera ku mapoto. Sanamuitanire mpunga.

Pobwerera chapa inali ndi anthu ochepa. Khutu linkagunda ngati lili ndi mtima wakewake. Anatsegula kamera n'kuyang'ana zithunzi zija. Zinali zabwino, zabwino kuposa zonse zimene anajambulapo. M'zonsezo mwanayo anali wosangalala, ndipo m'zonsezo ankayang'ana kwina. Atafika pa msawu paja sanatseke maso. Unali mtengo wamba. Pansi pake mbuzi ziwiri zinkadya.

Anafika dzuwa likadalipo, kutentha kwa Moatize kutamulandira pa siteji. Amayi ake anali pamphasa pakhonde, akusenda mtedza m'lichero. Anamuyang'ana malaya, n'kumuyang'ana khutu.

"Ku Tete akumenya ojambula masiku ano?"

Bodza linali lokonzeka kale pakamwa. Chapa inachita ngozi pang'ono, akuba pa mlatho, chilichonse akanakhulupirira. Anakhala pansi pamphepete pa mphasa.

"Sindinapite ku Tete, amayi. Ndinali ku Zóbuè. Ndinakaona Fatinha."

Zala za Dona Ludovina zinaima. Kenako zinayambanso, mofulumira kuposa poyamba.

"Ndiye wakumenya mkazi uja?"

"Ayi. Iye ndiye wandipulumutsa."

"Anapha mmodzi, ndiye apulumutse wina."

"Sanaphe munthu, amayi. Inali galimoto." Mawu ake anatuluka aang'ono, koma anatuluka. "Ndipo ndidzapitanso. Lamlungu likubwerali. Ndikukuuzani kuti mudziwe."

Amayi ake sanamuyang'ane. Anasenda mtedza wina, n'kutaya njere pansi, makoko m'lichero, osazindikira.

"Mchere uli kuti?" anafunsa.

"Ndaiwala."

"Chimene ndinakutuma waiwala."

Dona Ludovina anatembenukira kukhoma, msana kwa iye. Lúcio anadikira. Kwa aneba wailesi inkaimba, ndipo kutali kumgodi kunamveka kugunda kwa bomba la madzulo, mawindo n'kunjenjemera pang'ono monga mwa masiku onse. Anavula kamera m'khosi, n'kuiyatsa. Anasankha chithunzi chimene Fatinha ankamvetsera mphunzitsi, n'kuika kamerayo pamphasa pafupi ndi lichero. Kenako anatenga zidebe ziwiri n'kupita kumjigo.

Kumjigo kunali mzere. Anaima kumapeto, anthu akuyang'ana khutu lake, iye osafotokoza. Pamene ankabwerera, dzuwa linali litafiira kuseri kwa milu ya dothi.

Pakhonde panalibe munthu. Lichero linali pomwepo, mtedza wosatha kusenda. Chitseko cha chipinda cha amayi ake chinali chotseka, ndipo m'katimo munali zii. Anatula zidebe. Kamera inali pamphasa, koma osati mbali imene anaisiya, ndipo inali isanazime. Anaitola. Pa galasi lakumbuyo panali chidindo cha chala cha dothi la mtedza. Chithunzi chinali china, cha kutsogolo kwambiri, chimene mwanayo ankaseka mano awiri palibe.

Anakhala pamphasa n'kukoka lichero. Anayamba kusenda mtedza wotsalawo yekha, mwakachetechete, kuti ngati chitseko chingatseguke amve.